Ndege ya pachithunzi cha agogo: njira iti ingakuuzeni dzina lake lenileni?

Tsiku logawa zovala za malemu agogo aamuna, kwathu kufupi ndi Lizulu, amalume anatulutsa bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi chibwerere mwiniwake ku Joni. Loko wake tinachita kuthyola. Munali chiphaso chodyeka m'mbali cha Wenela, bungwe lija lolemba anthu opita ku migodi, lamba wachikopa, ndi zithunzi zisanu zokulungidwa m'pepala la shuga. Zinayi zinali za kumigodi. Chachisanu chinali cha amuna anayi ataima pa udzu wotchetcha bwino, kumbuyo kwawo kuli ndege. Agogo ndi achiwiri kuchokera kumanzere, avala kabudula wa khaki, alibe nsapato, dzanja agwira chitsulo chochirikiza phiko ngati munthu wogwira mzati wa nyumba yake.

"Ndege ya Wenela imeneyo," anatero amalume, aliyense n'kuvomera. Inenso ndinavomera, ndipo kwa zaka zingapo ndinkauza anthu zomwezo. Anandidzidzimutsa ndi mwana wanga wa Sitandade 6, amene anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Adadi, anthu onse opita ku Joni aja ankakwana m'kandege aka?" Sakanakwana. Ndegeyo ili ndi injini imodzi kumphuno, ndipo anthu 7 aidzaza. Wenela inkanyamula amuna m'makumimakumi pa Dakota ya injini ziwiri ndi DC-4 ya injini zinayi, kukawatula ku Francistown kuti akakwere sitima.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikusaka dzina la ndegeyi, ndipo anzanga a ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Biriwiri atamva anayamba kunditumizira zithunzi zawo. Mabokosi otere kuno ndi ambiri, pakuti maboma a Dedza ndi Ntcheu anatumiza amuna ochuluka ku migodi ndi ku Halale. Komanso tili m'malire: pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, malo ena ukangowoloka phula uli kale ku Angonia. Ndege zimene makolo athu anaziona zinali za mbali zonse ziwiri. Njira zozizindikirira ndaziyesa zonse zimene ndikanatha, ndipo mphamvu zake sizilingana.

Ambiri amathamangira foni, ndiye tiyambe nayo. Mumajambula chithunzi chakalecho, pulogalamu yozindikira zithunzi n'kukupatsani dzina nthawi yomweyo. Simuchoka pakhomo, chimene mwalowetsa ndi bandulo basi. Ndege ikakhala yotchuka, yojambulidwa chammbali, thupi lonse likuoneka, kawirikawiri foni imalasa. VC10 ya Air Malawi, ija ya injini zinayi zomangirira kumchira, imene inabwera mu 1974 n'kudzakhala zaka zambiri itaimikidwa pa Chileka, siivuta. Dakota nayo siivuta, popeza ku America kokha anapanga zoposa 10,000 ndipo zithunzi zake zili mbwee.

Koma zithunzi za m'mabokosi mwathu sizikhala choncho. Wojambula ankafuna anthu, ndege inangokhala kumbuyo. Mchira wadulidwa, pakati paima munthu, pepala lafiira ndi utsi. Pulogalamuyo ntchito yake ndi kufananitsa ndi zimene zadzaza pa intaneti, ndiye ndege yosowa imaikankhira ku dzina la inzake yofala. Changa ndinachiyesa katatu, ndikusintha podulira, ndinalandira mayina atatu osiyana. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti foni siinena kuti yalephera, imangopereka dzina molimba mtima. Dzina lolakwika likalowa m'banja, mwana n'kulilemba kuseri kwa chithunzi ndi bolopeni, kulichotsa n'kovuta. Ine foni ndimaigwiritsa ntchito pongotolera mayina oti ndikawayese kwina.

Njira imene yandiphunzitsa zambiri ndi yowerenga ziwalo za ndege ndi maso anga. Imafuna galasi lokulitsa, kapena kujambula chithunzicho bwino n'kumachikulitsa pafoni, ndi kudekha kuja koonera maso a nkhono. Pojambula, chigonekeni pamalo osalala pakhonde, pamthunzi, osayatsa fulashi, ndipo jambulani kuseri komwe. Musachimate m'pulasitiki wotentha uja wa m'mashopu a zithunzi. Chikamatika sichimatukanso.

Yambani ndi injini: ndi zingati, zili pati, zikuoneka bwanji. Pali injini yozungulira ngati lichero, yochititsa mphuno ya ndege kukhala yaphwatalala. Pali ina yowonda, yaitali, yokhala ndi kakamwa kolowera mphepo kunsi kwa pulopela. Yowondayi ndi chizindikiro cha ndege zing'onozing'ono za kampani ya de Havilland ya ku Britain, zimene zinkayenda kwambiri kuno kale. Mukatha injini onani mapiko, ngati ali pamwamba pa thupi, pansi, kapena ndi awiri osanjikizana. Kenako tayala lachitatu: likakhala kumchira ndege imaima chopendeka, mphuno kumwamba, likakhala kumphuno imaima chowongoka. Potsiriza mchira ndi mawindo. Zinthu zochepa zomwezi zimachotsa mayina ambiri.

Tengani tindege ta injini imodzi ndi phiko lapamwamba, timene timasokoneza anthu kuposa zonse. Beaver, yopangidwa ku Canada kuyambira 1947, ili ndi injini yozungulira, mphuno yaifupi yonenepa, chitsulo chimodzi chochirikiza phiko mbali iliyonse, ndi zitseko zazikulu zoti mgolo wa mafuta ulowe bwino. Dornier Do 27 ya ku Germany phiko lake lilibe chochirikiza chilichonse, limangokhala pamwamba lokha, ndipo mawindo ake ndi aakulu. Cessna 180 ili ndi chochirikiza chimodzi ngati Beaver, koma mphuno yake ndi yowonda ndipo miyendo yake ndi tizitsulo tosalala topindika. Auster ili ndi zochirikiza ziwiri zokumana pansi ngati chilembo cha V, thupi lake ndi lokutidwa ndi nsalu, moti pachithunzi chabwino nthiti zake zimaonekera. Chitsulo chimene agogo anagwira chija ndicho chinachotsa Dornier pamndandanda wanga. Mphuno ya lichero inachotsa Cessna ndi Auster. Inatsala Beaver.

Pa za injini ziwiri, anthu amangoti Dakota. Dakota yeniyeni mapiko ake ali pansi, kutsogolo kwake opendekera kumbuyo, tayala lachitatu kumchira. Vickers Viking, imene Central African Airways inkayendetsa itangokhazikitsidwa mu 1946, imaimanso chopendeka, koma thupi lake ndi lonenepa ngati mtsuko ndipo mapiko amalowa chapakatikati. Lockheed Lodestar mudzaidziwa ndi zipsepse ziwiri kumchira. De Havilland Dove ndi yaing'ono, ya injini zowonda, tayala kumphuno, ndi kachotupa pamwamba pamene amakhala oyendetsa. Mukaona yonga Dove koma injini zili zinayi, ndi mkulu wake Heron. Bristol Freighter siisowa: mphuno yotupa yotsekuka ngati zitseko za galaja, matayala osalowa m'kati. Ndipo mukapeza ya injini zitatu, thupi lamizeremizere ngati malata ofolera nyumba, imeneyo ndi Junkers Ju 52. Kampani ya DETA ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1936 n'kudzasanduka LAM mu 1980, inali nazo.

Kumene ndimakondako ine ndi ku zaka za m'ma 1930, nthawi ya Rhodesia and Nyasaland Airways, yoyamba mu 1933. Kuno ndiye kuli ndege zosowa zenizeni, ndipo kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Dragon ndi Dragon Rapide zonse ndi za mapiko awiri osanjikizana ndi injini ziwiri, koma nsonga za mapiko a Dragon ndi zodulidwa ngati thabwa, za Rapide n'zosongoka, ndipo miyendo ya Rapide inavekedwa zokutira zonga thalauzi. Palinso Dragonfly, yaing'ono kuposa zonsezi, phiko lapansi lalifupi kuposa lapamwamba, anangopanga 67. Fox Moth ndi yodabwitsa: okwera amakhala m'kachipinda pakati pa injini ndi woyendetsa, woyendetsayo ali kumbuyo mutu uli pamtunda. Puss Moth ndi Leopard Moth zimafanana ngati mapasa, kufikira mutayang'ana miyendo. Ya Puss Moth imakwera mpaka pamwamba pa thupi pamene payambira phiko, ya Leopard Moth imathera chapakati, kuseri kwa injini. Munthu akapeza imodzi mwa zimenezi m'bokosi la kwawo, wapeza chinthu chofunika kuchisamala kwambiri.

Za injini zinayi sizichulukitsa ntchito. Mawindo a DC-4 ndi ozungulira, a DC-6 ndi a ngodya zinayi. Viscount, imene inabwera ku Central African Airways mu 1956, ili ndi mawindo aakulu onga dzira ndi injini zowonda zotulukira kutsogolo kwa phiko. Ndege yaikulu ya injini zinayi itakhala pamadzi, mapiri a kunyanja ali kumbuyo, ganizirani Short Solent ya kampani ya BOAC ya ku Britain, imene inkatera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950.

Maso ali ndi polekezera. Adzakuuzani mtundu wa ndege, koma mwini wake, chaka, ndi malo sadzakuuzani. Beaver anapanga 1,657. Kudziwa kuti yanga ndi Beaver kunangonditsegulira khomo loyamba. Komanso njirayi imafuna kuti mukhale ndi zithunzi zina zodalirika zofananitsira, ndipo imadya nthawi.

Pa njira zonse, imene ndimaidalira koposa ndi ya zilembo. Ndege iliyonse yosakhala ya nkhondo imanyamula zilembo zake pathupi, pamchira, kapena kunsi kwa phiko, monga galimoto imanyamulira nambala. Zoyambirira zimanena dziko limene inalembetsedwa. VP-N inali Nyasaland, VP-R Northern Rhodesia, VP-Y Southern Rhodesia. Ndege za Central African Airways zinkanyamula VP-Y, ndipo m'nthawi ya Chitaganya, 1953 mpaka 1963, zilembo zimenezi ndi zimene zinkaoneka kwambiri m'mabwalo a muno. 7Q ndi Malawi, choncho chithunzi chokhala ndi 7Q sichingakhale cha ufulu wa 1964 usanabwere, ngakhale wina alumbire motani. CR-A ndi Mozambique ya Apwitikizi, C9 ndi Mozambique yodzilamulira. ZS ndi South Africa, A2 Botswana, 9J Zambia, G Britain, VP-K Kenya yakale, VR-T Tanganyika. Zilembo ziwiri kapena zitatu zokha zakupatsani kale dziko ndi nyengo.

Mukakhala ndi mwayi zilembo zonse zisanu n'kuoneka, nkhani yatha. Makaundula a ndege alipo, ndipo amanena mtundu, nambala ya kufakitale, mwini wake, tsiku lolembetsa, nthawi zina ndi mathero ake omwe. Kaundula wa ndege za ku Britain amapezeka pa intaneti ulere. Bungwe la Air-Britain, la anthu okonda mbiri ya ndege limene linayamba mu 1948, lasindikiza makaundula a maiko ambiri. Mukalemba 7Q-YKH, mwachitsanzo, mupeza VC10 ija ya pa Chileka ndi mbiri yake kuyambira ku Britain. Palibe njira ina imene ingakufikitseni pa ndege imodzi yeniyeniyo chotere.

Pali misampha iwiri yofunika kuidziwa. Woyamba, ndege ikagulitsidwa kudziko lina imasintha zilembo, moti ndege imodzi imatha kukhala ndi mayina anayi pamoyo wake. Chosasintha ndi nambala ya kufakitale, ndipo ndiyo yolondola nayo mbiri. Wachiwiri ndi kuwerenga molakwika. Pachithunzi chofiira, C ndi G, O ndi Q, E ndi F zimanamiza, ndipo chilembo chimodzi chikaphonyeka kaundula akupatsani ndege ina. N'chifukwa chake maso amayenera kutsogola. Kaundula akati Dove inu mukuona mapiko awiri osanjikizana, bwererani mukawerengenso.

Ndege za nkhondo zilibe zilembo zotere. Zimanyamula manambala ndi chizindikiro cha dziko. Za Britain ndi mikombero yolowana, yabuluu, yoyera ndi yofiira. Za Apwitikizi ndi mtanda wofiira m'bwalo loyera. Kwa ife a m'malire chizindikiro chimenechi n'chofunika, chifukwa pa nkhondo ya ufulu ya Mozambique, 1964 mpaka 1974, makamaka Frelimo itatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndege za Apwitikizi zinali tsidya lomweli.

Pachithunzi cha agogo zilembo zikuoneka zitatu zokha, VP-Y. Ziwiri zotsala zabisika kuseri kwa chipewa ndi phewa la bambo woima kumapeto. Kunsi kwa phiko, kumene zikanaonekanso, mthunzi unameza zonse. Koma nditakulitsa pamwamba pa mawindo ndinaona mawu ozimiririka, oyamba ndi CENTRAL. Beaver, VP-Y, Central African Airways. Kampaniyi inabweretsa ma Beaver kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti azitera pamabwalo ang'onoang'ono audzu ku Barotseland ndi ku Nyasaland, makamaka kumpoto, kumene misewu inkaduka nthawi ya dzinja. Air Malawi itayamba mu 1964 inalandirako ena. Apa ndinadziwa ndege ndi mwini wake. Chimene agogo ankachita pamenepo, zilembo zinalibe mawu.

Ndipamene ndinapita kwa akuluakulu, ndipo ndimadandaula kuti ndinapitako mochedwa. Mng'ono wawo wa agogo aakazi akadalipo, amakhala chaku Biriwiri. Ndinawapeza akusenda kachewere pakhonde. Ndinawapatsa chithunzicho osanena kanthu. Anapukuta manja pachitenje, n'kuchiyandikitsa kumaso, n'kukhala chete nthawi ndithu.

"Awa ndi alamu anga," anatero. "Koma apa si pa Joni ayi, mdzukulu wanga. Apa n'kuti asanakwatire."

"Nanga ndi kuti, agogo?"

"Kumpoto, kwa Atumbuka. Anapita ndi anthu a misewu, ankasalaza bwalo la ndege, kugumula zulu ndi kutchetcha. Anakhalako dzinja ziwiri. Pobwera anagula njinga, ndiye imene anabwera nayo kudzafunsira achemwali anga."

Mawu amenewo palibe kaundula akanandipatsa. Akuluakulu amakupatsani malo, nyengo, ndi chifukwa. Chimene sangakupatseni ndi dzina la ndege. Kwa ambiri a iwo ndege iliyonse yakale ndi Dakota kapena ya Wenela, monga momwe sopo aliyense wa ufa timamutchera Surf. Sikuti akunama. Wenela ndiyo ndege imene inalowa m'nyumba zawo: inatenga amuna awo, inabweza ena ndi mabokosi, ndipo pa 4 April 1974 DC-4 yake inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Boma la Kamuzu linaimitsa zolemba anthu a ku migodi chifukwa cha ngoziyo. Dzina lotere limaphimba mayina ena onse.

Ndiye kafunsidwe kake n'kofunika. Musatchule dzina la ndege inu poyamba, chifukwa mwaulemu adzangovomera. Musafunse chaka ndi manambala. Funsani kuti zinali njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, Chitaganya chilipo kapena chitatha, Kamuzu atabwera kale mu 1958 kapena ayi, mwana uti anali kumsana. Funsani chimene ndegeyo inkanyamula, kaya makalata, kaya odwala, kaya bwana DC. Funsaninso kulira kwake, pakuti khutu limasunga bwino kuposa diso. Achikulire a m'malire akanena za ndege ya Apwitikizi yolira mong'amba makutu, ya denga lagalasi lalitali pamene amakhala oyendetsa, kawirikawiri ndi Harvard. Phokosolo limabwera chifukwa nsonga za pulopela yake zimathamanga kufika pa liwiro la mawu. Akanena kuti inali ya michira iwiri, musathamangire kulemba. Ikhoza kukhala Lodestar ya zipsepse ziwiri, ikhoza kukhala Noratlas yonyamula asilikali a Apwitikizi, ya thupi lolenjekeka pakati pa michira iwiri yaitali, ikhozanso kukhala Vampire, kandege ka jeti ka asilikali a Rhodesia kamene kanauluka muno pa chipwirikiti cha 1959. Funso lotsatira ndi lakuti inali ndi pulopela kapena ayi, inali yaikulu bwanji, inkauluka pang'onopang'ono kapena ngati mphezi.

Ndikayika njira ya akuluakulu pa sikelo ndi ya zilembo, pa kulondola kwa dzina zilembo zimapambana kutali. Koma pa funso la iti muyambe nayo, ndimati akuluakulu. Kaundula adzakhalapobe chaka chamawa. Agogo a ku Biriwiri aja ali ndi zaka zoposa 80, ndipo anzawo amene akanatsimikiza mawu awo anatha. Tengani foni, pemphani chilolezo, jambulani mawu awo, ndipo muwasiye afotokoze mpaka atope okha.

Zosungira mbiri ndi njira ya munthu amene wafika kale patali. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo ndi malipoti a boma la atsamunda, ndi nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale, ndipo magazini yawo, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal, ili ndi nkhani zambiri za mayendedwe akale. Kuchokera kuno ndi ulendo wa ndalama: minibasi yodzera ku Balaka ndi Liwonde kapena ya ku Zalewa, chakudya, mwina ndi pogona. Wopita chimanjamanja, ndi chithunzi chokha, adzabwerako wotopa. Wopita akudziwa kale mtundu wa ndege, zaka zake, ndi dera, ndiye amapindula, chifukwa amadziwa fayilo yoitanitsa. Palinso anthu amene anagwira ntchito m'mabwalo a ndege, amakaniko ndi oyendetsa opuma, ndi okonda ndege zakale a m'maiko ena opezeka pa Facebook. Ameneyo akaona mwendo wokha wa ndege amatha kukuuzani dzina. Mukawatumizira chithunzi, afunseni chimene aonera, kuti nanunso mukayang'ane. Yankho lopanda chifukwa lisiyeni kaye pambali.

Chithunzi china chimene chinandionetsa mmene njirazi zimagwirizirana chinachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Makolo ake anathawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene midzi ya m'malire muno inadzaza ndi othawa, ndipo m'katundu wawo munali kachithunzi ka bambo ake ali mnyamata, ataima pafupi ndi kandege pabwalo lafumbi. Foni inamuuza kuti ndi Cessna. Titakulitsa tinaona kuti phiko lilibe chochirikiza, ndiye Dornier Do 27. Koma pamenepo nkhani inali isanathe, chifukwa Do 27 anali nazo Apwitikizi, analinso nazo asilikali a Malawi a ku Zomba kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Chinagamula ndi kabwalo koyera pathupi, kuseri kwa chigongono cha mnyamatayo, m'kati mwake mukuoneka nthambi ziwiri za mtanda. Mayi ake, amene akadali moyo, anamaliza: kunali ku Vila Coutinho, kumene lero timati ku Ulongwe, ndipo mnyamatayo ankatungira madzi asilikali. Foni inalakwa, maso anapereka mtundu, chizindikiro chinapereka mwini, mayi wachikulire anapereka malo ndi ntchito.

Wondifunsa lero ndimamuuza kuti asawononge bandulo kaye. Ngati m'banja muli wachikulire woti angazindikire nkhope za pachithunzi, kwerani njinga mupite sabata lomwelino. Mukabwerako khalani pansi ndi galasi, muwerenge injini, mapiko, tayala, mchira, mulembe papepala lapadera, osati pachithunzi. Kenako sakani zilembo paliponse, ngakhale theka la chilembo. Zikapezeka zonse, kaundula akumalizirani ndipo ulendo wa ku Zomba mwina sufunikanso. Zikapezeka zochepa, ziphatikizeni ndi mtundu wa ndege, chifukwa ndege za mtundu umodzi zolembetsedwa m'dziko limodzi sizichuluka. Zikasowa zonse, ndipamene anthu odziwa ndege ndi zosungira mbiri zimafunika.

Changa chili pa gawo lachiwirilo, la zilembo zochepa. Ma Beaver a Central African Airways anali owerengeka, ndipo ndawalemba m'kabuku kanga. Bambo wa chipewa uja akanangosuntha pang'ono, ndikanaloza imodzi. Agogo a ku Biriwiri anandiuza kuti bamboyo akumukumbukira, anali wa kwa Njolomole, ndipo iye ndi agogo anapita kumpoto limodzi n'kubwerera limodzi. Zithunzi zotere wojambula ankatsuka zingapo, aliyense woima pamenepo n'kugula chake, ndipo nthawi zina ankajambula kawiri anthu atasinthana malo. Amalume avomera kundiperekeza kwa Njolomole tikakolola kachewere, tikafunse ngati ana a bamboyo anasunga bokosi lake.